Tinagona pa Nyanja ya Mchere, Tinagwira Tuna, Tikali Mabwenzi

Imwe a "tiyeni tikaone dziko", senderani pafupi tikambe. Ndidziwa kuti mu foni yanu muli gulu la WhatsApp limene munatsegula ndi anzanu kuti chaka chino muyende ulendo. Sabata yoyamba mauthenga anali kugwa ngati mvula ya mu Januwale. Wina anatuma zithunzi za mahotela, wina anayamba kufunsa mtundu wa malaya amene nonse mudzavala. Tsiku limene munthu mmodzi analemba kuti "manje tiyambe kusonkha", gulu lonse linangoti zii.

Lero ndikuuzani za ulendo umene sunafere mu foni. Ise anthu 6 a mu makomboni a Lusaka tinachita hayala boti ku Dar es Salaam, tinagona usiku wathunthu pa Indian Ocean, tinawedza nsomba zimene tinali kuzidziwira mu chitini chabe, ndipo tinabwerako tikali kuseka pamodzi. Za nsomba mumva. Koma chimene ndifuna mutengepo ndi ichi: ulendo wotere umapambana kapena kufa mukali pamtunda, pa zimene mwagwirizana musanaponde mu boti.

Nyanja si kutali mwamene muganizira

Zoona, Zambia ilibe gombe la nyanja ya mchere. Tazunguliridwa ndi maiko 8, ndipo madzi athu onse, Kariba, Tanganyika, Bangweulu, Mweru, alibe mchere. N'chifukwa chake tikamva za kuwedza pa nyanja yaikulu timati ndi za azungu a pa TV.

Koma taganizani. Ku Dar anthu athu amayendako tsiku ndi tsiku. Amalume anu amene anabwera ndi motoka ya IT anakaitenga padoko la kumeneko. Anti anu a nsapato ndi zitenge amakaoda ku Kariakoo. Njanji ya TAZARA, imene a Kaunda ndi a Nyerere anamanga ndi thandizo la China kuyambira 1970 mpaka 1975, imachoka ku Kapiri Mposhi makilomita 1,860 n'kukathera komweko. Paipi ya mafuta ya TAZAMA imene imafika ku Ndola imayambiranso komweko. Timafika ku Dar, timagula katundu, timakwera basi kubwerera, nyanja tangoionera patali ngati mlamu wamanyazi.

Ise tinakwera basi pa Intercity, kudzera Serenje, Mpika, Nakonde, kuoloka ku Tunduma, kupita Mbeya, Iringa, Morogoro mpaka Dar. Ndi pafupi makilomita 2,000, ndipo msana udzakuuzani. Pasipoti ndi yofunika, koma Mzambia wopita kukacheza safunika viza.

Zimene tinachita kumeneko amazitcha charter. Muchita hayala boti yonse, pamodzi ndi kaputeni, anyamata ake, ndodo zowedzera, nyambo, mafuta, chakudya ndi ayisi. Mtengo umakhala wa boti, osati wa mutu umodzi umodzi, ndipo kawirikawiri amautchula mu madola. Chimene chimadya ndalama maningi ndi mafuta. Munthu mmodzi wa malipiro ngati anga sangaikwanitse olo atagulitsa foni ndi sofa. Anthu 6 ogawana, akasonkha mwa dongosolo, amaikwanitsa.

Malamulo 4 pa pepala limodzi

Poyamba tinali 7: ine, ba Nesi a ku Matero, ba Barber a ku Chawama, ba DJ amene mwina munavinako nyimbo zawo pa kitchen party ina, ba Makanika a ku Garden, asisi athu a pa booth ya mobile money ku Kalingalinga, ndi boyi wina amene agwira ntchito ya ulonda. Maina ndasunga, chifukwa ena anauza mabwana awo kuti ali ku maliro kumudzi.

Tinasonkha miyezi 10, ngati chilimba, kusiyana kwake n'kwakuti kunalibe wodya mwezi wake. Ndipo tsiku loyamba lenileni tinalemba malamulo pa pepala, aliyense n'kusaina.

Loyamba, ndalama. Msungi anali ba Nesi, koma ndalama siinali kutuluka popanda anthu awiri kuvomera. Aliyense akaponya yake, uthenga wa ku banki unali kuonetsedwa kwa onse. Palibe za "nizakupatsa pa month end, boyi".

Lachiwiri, wotuluka. Ukasiya ulendo titalipira kale dipoziti ya boti, ubwezeredwa zako zonse kupatula gawo lako la dipoziti. Lamulo ili linaoneka louma pamene tinali kulilemba. Mwezi wa 8, boyi wathu wa ulonda landilodi anamukwezera renti, ndipo anati sangapitirize. Ba Nesi anatulutsa pepala, anawerengera, anamupatsa zake tsiku lomwelo. Panalibe kutukwanana, panalibe kuuzana za amayi ake a munthu. Ndi iye amene anatiperekeza pa Intercity atanyamula chikwama cha asisi. Mukanakhala imwe, popanda pepala, nkhaniyo ikanathera kuti? Musayankhe, ndidziwa.

Lachitatu, mzere wa ndodo. Mu boti zotere nthambo zimaponyedwa zambiri, koma nsomba yaikulu ikaluma, wolimbana nayo ndi mmodzi. Popanda mzere, anthu akulu akulu amayamba kulimbirana ndodo ngati ana pa chitumbuwa. Tinalemba manambala mu tupendelo ta mabotolo, aliyense n'kutola. Ukagwira ndodo ili ndi nsomba, nthawi yako yatha, kaya nsombayo yalowa mu boti kaya yathawa.

Lachinayi, mawu a kaputeni ndi omaliza, nsomba imene tapatsidwa ndi ya tonse, ndipo mowa udikira pamtunda.

Sankhani mwezi, sankhani boti

Ku gombe la East Africa chaka chimayendera mphepo ziwiri. Kaskazi imaomba kuchokera kumpoto chakummawa, kuyambira cha mu Disembala mpaka Malichi. Kusi imachokera kummwera chakummawa, kuyambira cha mu Epulo mpaka Seputembala, ndipo ndi imene imavundula nyanja kwambiri. Pakati pa ziwirizi, mu Okutobala ndi Novembala, madzi amakonda kudekha, ndipo ndi nthawi yabwino ya tuna ya zipsepse zachikasu, yellowfin. Ise tinatenga masiku a holide ya Independence, pa 24 Okutobala, kuti tchuthi cha kunchito chisadyeke chonse.

Musanatume dipoziti, funsani mafunso ngati apongozi. Boti ili ndi ma injini angati? Awiri ndi abwino, chifukwa imodzi ikafa pakati pa nyanja kulibe wokankha. Ma life jacket alipo okwana aliyense? Wailesi ya VHF ilipo? Chilolezo chonyamula anthu chilipo, ndipo chimalola angati? Chimbudzi chilipo? Nyengo ikaipa, ndalama ibwerera kapena tsiku lisinthidwa? Nanga nsomba ndi za ndani? Ili ndi funso lalikulu, chifukwa maboti ambiri a kumeneko lamulo lawo n'lakuti nsomba ndi za boti, imwe mutengako yodya.

Za chiwerengero cha anthu musazitenge ngati za mu minibasi, kuti "pali malo, fendani kumbuyo". Mu Seputembala 2011 sitima yotchedwa Spice Islander inamira pakati pa zilumba za Unguja ndi Pemba itadzaza kupyola muyeso, ndipo anthu ambiri anataya miyoyo. Kaputeni akakana munthu wa 7, ameneyo ndiye kaputeni wabwino.

Chinanso, nthawi. Tanzania ili patsogolo pa ise ndi ola limodzi, ndipo pa Chiswahili amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka. "Saa moja" ndi 07 hours, "saa mbili" ndi 08 hours. Ba Kaputeni atati tikumane "saa mbili asubuhi", ba DJ anayamba kudandaula kuti 02 hours ndi nthawi yawo yogwira ntchito, osati youka.

Network inatha, nkhani inayamba

Tinanyamukira cha ku Msasani. Chinthu choyamba chodabwitsa munthu wa ku Zambia ndi chakuti nyanja iyi imachoka ndi kubwera kawiri pa tsiku. Pamene madzulo panali madzi, mmawa mupeza mchenga ndi maboti atagona cham'mbali. Ku Dar kusiyana kwake kumatha kupitirira mamita 3 mwezi ukakhala wathunthu kapena watsopano. Ba Makanika anayang'ana n'kunena kuti, "Awe shuwa, aba bantu babeledwa manzi usiku."

Tinali kupita ku Latham Island, kachilumba kamene kali makilomita opitirira 60 kuchoka ku Dar, chakummwera kummawa. Nyumba za mzinda zinachepa, zinasanduka utsi, zinasowa. Madzi anachoka pa obiriwira kufika pa buluu wakuda ngati inki ya bolopeni. Kenaka network inapita. Asisi a pa booth, amene foni siichoka m'manja mwawo chaka chonse, anaiyang'ana kanthawi n'kuiika mu chikwama.

Kawedzedwe ka masana ndi kokoka. Boti iyenda pang'onopang'ono, liwiro la munthu wopalasa njinga, ikukoka kumbuyo nyambo za pulasitiki zamitundumitundu zimene zimadumpha pamwamba pa madzi ngati tunsomba tothawa. Imwe ntchito yanu ndi kudikira. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo tinadekha maola awiri, kulibe olo kanthu.

Mwadzidzidzi reel, kawilo kokulungira nthambo, inalira kuti zzzzzz! Nambala 1 anali ba Makanika. Nsomba inadumpha m'mwamba, yagolide, yobiriwira, mutu wobuntha ngati basi. Ndi dorado, kumeneko amati fulusi. Itangolowa mu boti mitundu yonse ija inayamba kuzilala tikuona, mpaka inatuwa. Ndiye ngati mufuna chithunzi cha dorado, jambulani msanga. Nambala 2 ndinali ine, ndipo ndinatulutsa nguru, nsomba yaitali ya mano ngati lezala, imene anyamata a boti sanandilole kuyandikiza chala kukamwa kwake.

Nambala 3 anali ba DJ, koma ba DJ anali atagwada m'mbali mwa boti, akubwezera nyanja zonse zimene anamwa dzulo lake ku Sinza. Lamulo lathu la mowa linali kuyambira mu boti, ndiye iwo anati athamangire usiku womaliza. Walira mvula walira matope.

Mseru wa panyanja si ufiti ndipo si mantha. Mkati mwa khutu muli ziwalo zimene zimamva kugwedezeka. Zikauza ubongo kuti thupi likuyenda, pamene maso akuona benchi imene siikuyenda, ubongo umasokonezeka ndipo mimba ndi imene imalipira. Mankhwala ake: gonani bwino dzulo lake, osamwa mowa, idyani chakudya chopepuka, khalani panja pa mphepo, yang'anani kutali kumene madzi akumana ndi thambo. Mapiritsi a mseru alipo ku chemist, koma amamwedwa musanakwere, ndipo ambiri amabweretsa tulo, ndiye funsani kaye wogulitsa mankhwala. Ba Nesi anawapatsa madzi ndi jinja, ndipo tinagwirizana kuti nambala yawo ipite kumapeto.

Ba Nesi eni ake, nambala 4, ndi amene anagwira sailfish, nsomba ya mlomo wautali ngati mkondo ndi chipsepse chamsana chotambasuka ngati chitenge pa waya. Inavina pamwamba pa madzi ndi mchira. Itafika m'mbali mwa boti, anyamata anaibaya kachizindikiro ka nambala pamsana, anachotsa mbedza, anaigwira mlomo boti ikuyenda kuti madzi adutse m'makha mwake, n'kuitaya. Ba Barber anagwira kumutu. "Ndiyo yonse iyi mwabweza?" Inde. Ku gombe limeneli sailfish ndi marlin ambiri amazibweza, ndipo bungwe la African Billfish Foundation la ku Kenya limasunga manambala amenewa kuti lidziwe kumene nsombazi zimayenda. Nzeru yake ndi imodzimodzi ndi fish ban yathu ya pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale: ukadya zonse lero, mawa udzawedza mapepala a pulasitiki.

Pamene pepala linayesedwa

Latham tinaiona cha m'ma 15 hours. Musaganize za chilumba cha mitengo ya kokonati. Ndi kamtunda kafulati ka miyala ya korali ndi mchenga, kopanda mtengo, kopanda madzi akumwa, kopanda munthu. Eni ake ndi mbalame za m'nyanja zimene zimaswanirana pamenepo, ndipo fungo la zitosi zawo limakulandirani mukali kutali. Sitinatsike. Chimene chimakokera awedzi kumeneko chili pansi: kachilumbaka kakhala pa thanthwe losaya lozunguliridwa ndi madzi akuya, ndiye tunsomba timasonkhana pamenepo, ndipo zazikulu zimabwera kudzadya.

Dzuwa likulowa, anyamata anatsitsa nyambo yamoyo m'mphepete mwa thanthwe. Ndodo inapindika mpaka nsonga inatsala pang'ono kugunda madzi. Nambala 5, ba Barber. Ba Kaputeni anati ndi dogtooth tuna, chilombo cha mano ngati a galu, chimene chikamva mbedza chimathamangira pansi ku miyala. Ba Barber anakoka, anatuluka thukuta, anaitana makolo awo onse a ku Kasama. Patapita mphindi 5, nthambo inangoti lende. Yaduka pa korali.

Apa ndi pamene maulendo ambiri amaonongekera. Munthu wasonkha miyezi 10, wakhala pa basi usana ndi usiku, ndipo nthawi yake yatha mu mphindi 5 popanda olo chithunzi. "Iyi siyiwerengewa," anatero ba Barber. "Nsomba sininaione." Asisi a pa booth, nambala 6, sanayankhe. Ndi munthu wofatsa, wozolowera kupirira makasitomala, ndipo ndinaona kuti atsala pang'ono kunena kuti "tengani chabe". Ba Nesi anatulutsa pepala mu pulasitiki, anawerenga lamulo lachitatu mokweza, n'kulibweza. Ba Barber anapita kukakhala kutsogolo kwa boti okha.

Mu bala munthu akakwiya amatuluka n'kukwera takisi. Pa boti kulibe kopita. Mamita ochepa amenewo ndiye dziko lanu lonse mpaka mawa.

Usiku

Tinaponya nangula kumbali imene chilumba chimatchinga mphepo. Mdima wa kumeneko, imwe, si uja wa malaiti akapita mu komboni, pamene pali kandulo kwa aneba ndi jenereta pa bala. Ndi mdima wopanda malire, ndipo nyenyezi zimafika mpaka pansi, pamene madzi ayambira. Ba Makanika, amene sadziwa kusambira, anamanga life jacket mpaka m'khosi ndipo sanaivule mpaka Dar. Palibe anawaseka.

Anyamata anayatsa nyale yowala m'mbali mwa boti. Amene munafikako ku Siavonga kapena ku Mpulungu mudziwa mwamene amagwirira kapenta: nyale imaitana tizilombo ting'onoting'ono ta m'madzi, tizilomboto timaitana tunsomba. Kapenta wa mu Kariba amene, paja anachita kumubweretsa kuchokera ku Tanganyika mu 1967 ndi 1968. Kuno n'chimodzimodzi, koma mzere wa odyana ndi wautali. Kunabwera tunsomba, kunabwera ngisi, tinyama tofewa ta miyendo yambiri timene timalavula inki yakuda, ndipo pansi pake munali kudutsa zithunzithunzi zazikulu zimene sitinafunse maina ake. Kumbali ya mdima, ukavundula madzi ndi dzanja, amang'anima ngati ziphaniphani. Ndi tizamoyo tosaoneka ndi maso timene timatulutsa kuwala tikagwedezedwa.

Usiku kunalibe mzere. Aliyense anapatsidwa nthambo yake ya pamanja, ya mtovu kunsonga, yowedzera nsomba za pansi. Tinatulutsa changu zingapo, nsomba zooneka ngati bream yathu. Ina ya ba Makanika inafika mutu chabe, thupi lonse shaki itadula bwinobwino ngati ndi mpeni wa mu butchery. Kuyambira pamenepo palibe anaikanso dzanja m'madzi kuti aone ziphaniphani.

Cha m'ma 23 hours ba Barber, akali chete, anakoka chinsomba chamawangamawanga, chonenepa, kukamwa ngati poto. Anafunsa mnyamata wa boti dzina lake. Mnyamata anati, "Chewa." Anafunsanso. "Chewa." Ndi dzina lake lenileni pa Chiswahili.

Manje muyenera kudziwa kuti ba Barber ndi Mubemba, ba Nesi ndi Mchewa wa ku Katete. Chimbuya chinabuka pakati pa Indian Ocean. "Nagwila mbuya wanga! Onani kamwa, ni ya kudyela mbeba!" Ba Nesi anabweza kuti munthu wodya kolwe alibe mawu pa nkhani ya ndiwo. Anyamata a boti sanamve kalikonse koma anaseka mpaka kugwira m'mimba. Mkwiyo uja unathera pamenepo. Mbuyayo tinamudya usiku womwewo ndi wali wa kokonati, ndipo ba DJ, amene anali atayamba kuoneka ngati munthu, anadyako supuni zitatu.

Pambuyo pake tinakhala chabe. Popanda foni, popanda nyimbo, anthu amakamba zinthu zimene pa bala sizikambika. Wina anakamba za nkhongole imene imamusowetsa tulo. Wina za atate ake amene sanalankhule nawo zaka 4. Asisi anati chibadwire sanapitepo kutali kupyola Kafue, ndipo miyezi 10 yonse sanagule wigi kapena nsapato kuti asaphonye kusonkha. Zina zonse zinatsala pa Latham, sizilowa mu nyuzipepala. Tinagona mosinthana pa matiresi opyapyala, anyamata a boti akulondera nangula ndi nyale za sitima zodutsa kutali.

Mbalame zikayamba kugwa

Tinazula nangula kukali mbuu. Ba Kaputeni sanali kuyang'ana madzi, anali kuyang'ana kumwamba. Tuna zimasaka pagulu. Zimathamangitsira tunsomba pamwamba, ndipo mbalame zimagwera pomwepo kudzatola. Ukaona mbalame zikuzungulira ndi kudziponya m'madzi, pansi pake pali phwando. Kaputeni wodziwa salowa pakati pa gululo, chifukwa limamira. Amalizungulira n'kudutsitsa nyambo kutsogolo kwake.

Dzuwa linali litangotuluka m'madzi pamene ma reel awiri analira nthawi imodzi. Nambala 6, asisi. Ndi wotsatira, ba DJ.

Anawamanga lamba wa m'chiuno wokhala ndi kachikho koikamo tsinde la ndodo. Tuna siidumpha ngati dorado. Imathawa molunjika, imamira, kenaka imayamba kuzungulira pansi pa boti itagona cham'mbali, ndipo mita iliyonse ya nthambo muchita kulimbirana. Nzeru yake si mphamvu ya manja. Ukweza ndodo pang'onopang'ono ndi miyendo ndi msana, ukamaitsitsa ndi pamene ukulunga nthambo. Ikafuna kuthawa, uileke ithawe, reel ili ndi buleki yake imene imaitopetsa. Anthu a majimu amene amafuna kuikoka ngati chingwe cha pa chitsime ndi amene amadula nthambo.

Ya ba DJ inali yaing'ono, inalowa mu mphindi 10. Ya asisi inakana. Mphindi 20, manja akunjenjemera. Mphindi 30, anati, "Nalema, tengani." Ndipo amene anaima kumbuyo kwawo, atagwira lamba kuti asaterereke, akuwathira madzi kumutu, anali ba Barber. "Sisi, iyi ni yanu. Mukaisiya nizauza Kalingalinga yonse." Pa mphindi 40 tinaona kuwala kwa siliva kukuzungulira pansi, kenaka zipsepse zachikasu. Ngowe inalowa, anyamata awiri anakoka, ndipo chinthu chinagwa mu boti n'kuyamba kumenya pansi ndi mchira ngati ng'oma. Pa sikelo ya pamtunda inakwana makilo 34. Ba Kaputeni anati ndi yapakati chabe, popeza yellowfin imatha kufika pafupi makilo 200. Asisi anakhala pansi n'kulira, kenaka n'kuseka, kenaka n'kufunsa ngati wina wajambula.

Anyamata sanachedwe. Anaicheka kuti magazi atuluke, anachotsa zam'mimba, anaikwirira mu ayisi. Tuna ndi nsomba imene siileka kusambira moyo wake wonse, ndipo thupi lake limakhala lofunda kuposa madzi. Ikalimbana nthawi yaitali imatentha mkati, ndiye ukaisiya padzuwa nyama yake yofiira ija imatuwa n'kuonongeka. Anatidulira tizidutswa tatiwisi, ndimu ndi tsabola pamwamba. Ba Makanika anati iwo si mphaka. Atalawa kamodzi, mbale inathera kwa iwo.

Mzere unabwerera pa nambala 1. Reel italiranso, ba Makanika anaimirira, anatenga ndodo, n'kuipereka kwa ba Barber. Pepala silinawakakamize. Koma chifukwa pepala linalemekezedwa dzulo lake, mphatsoyo inali mphatso, osati chinthu cholanda. Ba Barber anatulutsa tuna yawo, ndipo chithunzi chake chili kale pa galasi la mu barbershop, pamwamba pa mitengo ya kumeta.

Zotsala kuti mudziwe

Tinafika ku Dar cha m'ma 16 hours, titapsa ndi dzuwa, milomo ili mchere okhaokha, pansi pakugwedezeka olo tili pamtunda. Monga tinapanganira ndi eni boti, tinatenga tuna imodzi ndi dorado, zina zinatsala kwa iwo. Amayi a pa nyumba ya alendo anatiwotchera ina, ina anaphika ndi kokonati, ndipo tinadya ndi ugali, imene ndi nsima yomweyi koma yolimbirapo. Aneba awo onse anadyako. Musavutike ndi maganizo obweretsa nsomba yaiwisi ku Lusaka pa basi. Isanafike pa Nakonde, basi yonse idzakhala adani anu.

Mu bajeti yanu ikanimo ya "zikomo" ya anyamata a boti. Ndi amene amamanga mbedza, kutsuka masanzi a anzanu ndi kukhala maso imwe mukugona. Nyamulani chipewa, magalasi a dzuwa, malaya a manja aatali, juzi ya usiku ndi pulasitiki yotsekeka ya foni ndi pasipoti. Nthochi siyani, akaputeni ambiri a masewera awa amakhulupirira kuti zimabweretsa tsoka mu boti, ndipo si pa imwe kuwaphunzitsa. Mmawa wa tsiku lobwerera pitani ku msika wa nsomba wa Kivukoni, pafupi ndi pantoni ya ku Kigamboni, mukaone mwamene amagulitsira tuna pa okushoni. Kumeneko amaitcha jodari.

Dziwaninso kuti nsomba siilonjezedwa. Boti yomweyo, malo omwewo, sabata yotsatira anthu atha kubwerako ndi dzuwa chabe. Ngati gulu lanu lingathe kugona panyanja, kubwerako manja lende, n'kukhalabe likuseka, ndiye ndi gulu loyenera kupita. Ngati mukayika, liyeseni kaye pafupi. Sonkhani miyezi itatu, pitani ku Siavonga, gonani usiku umodzi pa Kariba mukusaka tiger fish. Amene adzavuta pa Kariba adzavuta kawiri pa nyanja ya mchere, ndipo ndi bwino kumudziwira pamene basi ya ku Lusaka ili pafupi.

Ise tayamba kale kusonkha za chaka cha mawa. Woyamba kuponya yake anali boyi wathu wa ulonda, amene manje wapeza nyumba yotchipirapo ku Kanyama. Tupendelo tidzatola asanu ndi mmodzi chabe. Nambala 1 tagwirizana tonse kuti ndi yake.

Tionana sabata ya mawa.